Mlamu Wanga ndi Chongololo cha ku Joni

Anthu kuno ku Feira mpaka lero amati ine ndinali wa sitima ku Joni. Ndinatopa kuwakonza, ndiye ndimangovomera. Koma sitima imene ndinagwirako ntchito zaka zonse zija sinali kupita kulikonse. Inali kunyamuka, kukwera m'mwamba kupitirira mtengo wa mlambe, kugwa chamutu, kuzungulira anthu miyendo ili kumwamba, n'kubwerera pomwe yanyamukira. Ndipo anthu anali kulipira kuti akwere. Eni ake ankati ndi rola kosta, ndipo inali ndi dzina lake lachingelezi pachipata, koma ife antchito ochokera kumpoto tinali kungoti Chongololo, chifukwa cha mmene chinkapindikira panjanji.

Ku Joniko ndinapita ndi mlamu wanga Bento, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, Rosa. Tonse awiri tinali opalasa mabwato, kuwolotsa anthu ndi nsomba zouma pakati pa Feira ndi Zumbo, kumene kunali amayi ake a Bento. Atabwera a maboti a injini, ife a nkhafi tinatsala ndi nkhalamba zoopa liwiro ndi anthu owolotsa mbuzi. Bento ndiye anayambitsa nkhani ya ulendo. Anali munthu wa pakamwa potsekemera, wodziwa Chikunda, Chipwitikizi ndi Chishona, ndipo akafotokoza za Joni mumakhala ngati mwafikako kale, pamene iye mwini anali asanapitirirepo Lusaka.

Tinanyamuka titakhala pamwamba pa lole ya nsomba. Ine ndinasiya mkazi ndi ana; Rosa anali ndi pathupi poyamba. Sanalire. Anandikokera pambali pansi pa mtengo wa masau nati, "Alongo, munthuyu mukabwere naye. Mtima wake ndi wabwino, koma akaona chinthu chatsopano amaiwala ndi nsapato zomwe." Ine ndinaseka, ndinati ntchito yochepa imeneyo.

Tinakafikira m'kachipinda kuseri kwa galaja, pamodzi ndi anyamata awiri a ku Malawi ndi mkulu wina wa ku Zimbabwe. Kuzizira kwa kumeneko sindidzakuiwala. Ife obadwira m'chigwa, kumene chisanu chimangodutsa ngati mlendo, tinali kugona titavala majuzi ndi masokosi m'manja, mmawa n'kupeza madzi a m'ndowa ataundana pamwamba. Miyezi yoyamba tinakhalira mapisiweki: lero kukumba ngalande, mawa kutsitsa simenti, mkuja kuthawa apolisi ofunsa mapepala. Mmodzi wa anyamata a ku Malawi aja ndiye anatilowetsa kupaki ya masewera kumene iye ankasesa.

Tsiku loyamba kulowa m'pakimo ndinaima ngati chitsiru. Kunali chigudumu chachikulu chonyamula anthu m'timabasiketi, timahatchi tamatabwa tozungulira ndi nyimbo, timaboti toyenda m'madzi obiriwira osafika ndi m'chiuno momwe. Ndiye kumapeto kwenikweni, Chongololo. Chikadutsa pamwamba panu, nthaka imanjenjemera ndipo mano amagundana. Ine ndinayang'ana pansi. Bento anayang'ana kumwamba, kukamwa kuli yasa, mpaka kapitawo anamukuwira kuti atenge tsache.

Patapita nthawi anatisamutsira ku Chongololo komweko. Ntchito yanga inali kutsitsa chitsulo chotsekera pamiyendo pa munthu aliyense, kuchigwedeza kuona ngati chagwira, n'kukweza chala kwa woyendetsa. Chikabwerako, kutsegula, kutola zipewa ndi magalasi, ndi kutsuka ndi payipi pamene wina wasanza. Tsiku lonse, dzuwa kapena mvula, chitsulo chikulira m'makutu. Khutu langa lamanzere linafera kumeneko. Mukandiyankhula mutakhala mbali iyi, musadabwe ndikangogwedeza mutu.

Bento anamuika kwa okonza. Mmawa uliwonse paki isanatsegulidwe anali kukwera makwerero a m'mbali mwa njanji atanyamula chitini cha girisi, mpaka pamwamba penipeni. Akatha, amayendetsa kaye Chongololo chopanda anthu, kenako pamafunika wantchito mmodzi woti akwere, amvere ngati pali polira molakwika. Ena onse ankakanirana. Bento anakweza dzanja tsiku loyamba lomwe.

Atatsika anandigwira mapewa onse awiri. "Mlamu! Mlamu, pamwamba paja pali kamphindi kamene thupi limachoka pampando. Sulemera kanthu. Ngati wafa koma ukuona!"

"Ndiye chabwino n'chiyani pamenepo?" ndinamufunsa.

"Simungamve. Kwerani."

Kuyambira tsiku limenelo m'kachipinda kathu munalowa nkhani imodzi yokha. Ife tikukamba za mvula ya kwathu, za mtengo wa malata, za apolisi, iye ali pa Chongololo: kuti mmawa chimayenda mwaulesi chifukwa girisi amakhala wozizira, kuti masana chikatentha ndiye chimakwiya bwino, kuti mpando wakutsogolo ndi wa alendo ofuna kuona malo, munthu wodziwa amakhala kumbuyo kumene chimakukoka ngati nsomba ya ncheni yagwira mbedza. Mkulu wa ku Zimbabwe uja tsiku lina anamuponyera nsapato.

Ndiye kunali a kalabu. Amenewa anali anthu akuluakulu, ena a imvi, ovala masikipa ofanana, amene ntchito yawo pamoyo inali kuyenda m'mayiko kukwera marola kosta ndi kukangana kuti yabwino ndi iti. Wamkulu wawo anali mzungu wina wonenepa wa chipewa chodzaza mabaji, ife tinamutcha Mabaji. Amafika m'mawa, kukwera, kutsika, kubwereranso pamzere, mpaka madzulo. Akatsika amaima pafupi ndi ine pomwe, ine ndili ndi payipi m'manja, n'kuyamba mlandu wawo.

Wina amati kugwa koyamba n'kwabwino koma kumapeto chimatha mphamvu ngati nkhalamba. Mayi wina wochokera kutsidya la nyanja amati ayi, ubwino wake ndi womwewo, chimagwedeza mafupa, zatsopanozi n'zosalala kwambiri, zilibe khalidwe. Mabaji amati chitsulo cha pamiyendo chimathina, chikulanda munthu ufulu wouluka, ndipo kangapo anandipempha kuti ndimutsekere momasuka pang'ono. Ndinkakana. Amandiyang'ana ngati ndamumana chakudya. Munthu wamkulu, wa ana ndi adzukulu, kundikwiyira ine chifukwa sindikufuna kuti agwe kuchokera kumwamba!

Tsiku lina anandifunsa maganizo anga. Ndinati sindinakwerepo. Onse anakuwa ngati ndanena kuti sindinabatizidwe. Bento, amene anali pafupi akupukuta manja, analowererapo ndi Chingelezi chake chothyokathyoka, n'kuwauza za girisi wozizira ndi mpando wakumbuyo, ndi za malo ena pakona yachitatu pamene chimalira mosiyana kukakhala mphepo. Mabaji anavula chipewa. Madzulo ake anamutengera kokadya, ndipo anabwera kunyumba atavala sikipa ya kalabu pamwamba pa yunifomu.

"Anthu aja amandimvetsa," anatero.

"Akupezera mapepala?"

"Mlamu, inu chilichonse mapepala, mapepala."

Bento anandikakamiza mpaka ndinakwera kamodzi, mmawa wina poyesa. Sindidzanama kuti ndinaona chimene iye ankaona. Pokwera pang'onopang'ono paja, unyolo ukulira kete kete kete, ndinaona Joni yense, misewu ndi milu ya dothi la m'migodi. Kenako chinagwa chamutu. Ndinatseka maso, ndinaitana amayi anga amene anali atamwalira kale. Ine ndakumanapo ndi mvuu pakati pa Zambezi, bwato litadzaza azimayi ndi ana. Pamenepo mantha amakhala ndi ntchito: umapalasa, umakhotetsa, umapulumutsa anthu. Koma apa wamangidwa ngati mbuzi ya pa njinga, palibe chimene ungachite, ndipo pamapeto ufika pomwe unachokera. Nditatsika ndinakatenga payipi yanga yomwe n'kutsuka pampando panga. Bento anaseka mpaka kukhala pansi.

Kumudzi tinali kutumiza katundu ndi kangachepe kudzera mwa madalaivala a mabasi a ku Lusaka. Zaka zoyamba Bento sankaphonya. Rosa anabereka mwana wamkazi, Tereza, ndipo nyumba yawo inafoleredwa malata isanafoleredwe yanga. Ulendo woyamba wa tchuthi tinapita limodzi, anamunyamula mwanayo, anavina naye pabwalo. Koma ngakhale pamenepo ndinamupeza tsiku lina atakhala pagombe, akujambula mizere yokhotakhota pamchenga, akufotokozera asodzi mmene angamangire njanji kuchoka paphiri kutsikira kumtsinje. Asodziwo ankangoyang'anizana.

Titabwerera ku Joni zinthu zinayamba kupendekeka. Masiku opuma, m'malo mopita kukasaka pisiweki ngati tonsefe, iye amabwera kupaki konkuno kudzakwera ngati mlendo. Anayamba kugula magazini a zithunzi za marola kosta a m'mayiko ena, n'kumata pakhoma pamwamba pa mphasa yake. Amadziwa mayina awo onse. Kalasi imene Tereza anali, amayamba waganiza.

Chimene chinatidula pakati ndi tchuthi china. Tinagwirizana kuti tipita limodzi, ndipo Rosa anali atauza kale amayi ake a Bento ku Zumbo, amene maso anali atayamba kuchita khungu. Kutatsala masiku ochepa, ndinapeza Bento akulongedza kachikwama kakang'ono.

"Kachikwama aka mukwanitsamo katundu wa ana?"

Sanandiyang'ane. "Mlamu, a kalabu akupita kunyanja, ku Debeni. Kwatsegulidwa yatsopano. Imanyamuka ngati chipolopolo, yopanda unyolo. Andilipirira malo m'galimoto. Mwayi wotere subwera kawiri."

"Amayi ako akukudikira."

"Ndipita chaka chamawa."

"Chaka chamawa adzakuona ndi maso ati?"

Anatseka kachikwama kaja nati, "Inu simudziwa. Kwathu ine ndine ndani? Wopalasa bwato amene analandidwa ntchito ndi injini. Kuno anthu ochokera kutali amafunsa kuti Bento ali kuti. Amandifunsa maganizo anga, mlamu. Ndani anandifunsapo maganizo ku Feira?"

Ndinamuuza mawu oipa tsiku limenelo. Ndinati azungu akewo amamukonda ngati mmene amakondera nyani wa kumalo osungira nyama, ndipo tsiku limene adzathyoke mwendo sadzamudziwa. Anyamata a ku Malawi anachita kutigwira. Ndinapita ndekha kumudzi, nditanyamula bulangeti ndi nsapato za mwana zimene ndinagula ine n'kunena zoona kuti ndagula ine. Rosa analandira, anathokoza, sanafunse zambiri. Amayi ake a Bento anandigwiragwira kumaso ndi manja, kenako anatembenukira kukhoma.

Tinakhalabe m'chipinda chimodzi zaka zina, tikudya m'poto mmodzi, koma nkhani zathu zinali za mchere ndi parafini basi.

Kenako kunamveka kuti eni paki agulitsa malo a Chongololo, pamangidwa mashopu. Chinali chitakalamba, zitsulo zake zinali zovuta kupeza. Ife a pamenepo anatiitana mu ofesi natiuza kuti mwezi ukatha ntchito yatha. Opanda mapepala ngati ife tinalibe kokadandaula.

A kalabu ndiye anadandaula. Anabwera ndi zikwangwani, anaitana atolankhani, analankhula pawailesi kuti mzinda ukutaya chuma chake. Tsiku lomaliza anadzaza paki yonse, ena atachita kukwera ndege. Anabwera ndi maluwa. Ndikunena zoona, maluwa, anawamangirira pampanda. Mayi wa kutsidya la nyanja uja anapsompsona chitsulo cha mpando wakumbuyo. Mabaji analankhula mawu otsanzika misozi ikutsika, nati dziko silidzaonanso kugwa koyamba kokoma ngati kumeneku. Atatha anabwera kwa ine, anandikumbatira, nati, "Ndikudziwa kuti nawenso ukumva kuwawa. Uchisowa kwambiri, eti?"

Ndinati, "Bwana, ine ndisowa ntchito."

Anandisisita paphewa ngati ndanena nthabwala, n'kupita kukajambulitsa.

Ulendo womaliza anakweza Bento pampando wakumbuyo, onse akuimba dzina lake. Ine ndi amene ndinamutsekera chitsulo. Ndinachigwedeza kawiri monga mwa nthawi zonse. Anandiyang'ana, maso ali ofiira, ndipo ndinaganiza kuti mwina tsopano zatha, munthuyu ndipita naye kwathu.

Sizinathe. Chongololo sanachiphwanye. Anachigula anthu ena a paki ya kutali, kudera la ku Kepi, ndipo ankafuna munthu wochidziwa woti apite nacho, akathandize kuchimanganso. Mabaji ndiye anawapatsa dzina la Bento. Kwa milungu ingapo tinagwira limodzi ntchito yomasula, ine ngati wa pisiweki, iye akuloza kuti ichi chinyamulidwe chonchi, ichi musachigwetse. Chidutswa chilichonse amachisisita chisanakwere lole.

Tsiku lonyamuka malole ndinamutsatira mpaka pageti.

"Bento, tiye kwathu. Ndakupempha. Tikagule injini yakale, tikayambirenso pamtsinje. Mwana wako akula osakudziwa."

"Ndikangochiimika, chikayenda bwino, ndibwera."

"Ukunama."

"Popanda ine achimanga molakwika, mlamu. Pakona yachitatu paja pamafuna munthu wodziwa. Chingaphe anthu."

"Nanga Rosa ndikamuuze chiyani?"

Anayang'ana malole, anayang'ana ine. Anavula wotchi yake nandipatsa kuti ndikapatse Tereza. Kenako anakwera kutsogolo kwa lole yonyamula mipando, ndipo sanatulutse mutu pawindo.

Ine ndinayesa kukhalako miyezi ina, koma ndi khutu limodzi ndi msana wotopa, mapisiweki anayamba kundikana. Ndinamanga katundu wanga.

Feira ndinaipeza yasintha. Ana anga anali kundipatsa moni waulemu ngati mlendo wa kutchalitchi. Mkazi wanga anali atazolowera kulamula zonse yekha, ndipo ndikafuna kunenapo kanthu za munda amandiyankha mokoma kuti zakonzedwa kale. Pagombe panali anyamata osandidziwa, maboti a injini ali mbwee. Amayi ake a Bento anali akali moyo ku Zumbo, osaonanso konse. Tereza anali mtsikana wamtali wa nkhope ya bambo ake. Wotchi ija anailandira ndi manja awiri, anaiyang'ana, n'kukaiika pawindo.

Rosa sanandifunse tsiku loyamba, ngakhale lachiwiri. Anadikira mpaka alendo atatha. Ndinamupeza masana ena kuseri kwa nyumba yake akuyanika masau pamphasa. Anandipatsa mpando, iye anakhala pansi, manja osaleka ntchito.

"Alongo, ndiuzeni zoona. Sindine mwana. Ndi wa mtundu wanji?"

"Ndani?"

"Mkaziyo. Ndi Mzulu? Ali naye ana angati?"

Ndinati palibe mkazi. Ndinalumbira. Ndinayamba kufotokoza za njanji yokwera kumwamba, za mpando wakumbuyo, za azungu a masikipa ofanana, za maluwa pampanda, za malole opita ku Kepi. Ndinkadzimva ndekha kuti ndikuyankhula ngati woledzera. Ndinatola kamtengo n'kujambula pansi mmene chimayendera. Rosa anasiya masau, anayang'ana mzere wokhotakhota uja nthawi yaitali.

"Chimapita kuti?"

"Sichipita kulikonse. Chimabwerera pomwepo."

"Ndiye chimamupatsa chiyani?"

"Amati pamwamba pake munthu salemera kanthu."

Anaseka kamodzi, kuseka kouma. Kenako anapukuta manja pachitenje.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikumukonzekera mkazi ameneyo. Usiku ndi usana ndimamutukwana mumtima. Ndinasunga ndi ndalama ya basi yomwe, kuti tsiku lina ndidzapite ndikaime pakhomo pake, ndikamuonetse mwana uyu, tikakangane ngati akazi. Mkazi mnzako umatha kumuchititsa manyazi, alongo. Amakalamba, amatopa naye mwamuna, amamuthamangitsa. Manje chitsulo ndikachiuze chiyani?"

Ndinataya kamtengo kaja. Anaweramira mphasa, anasonkhanitsa masau amene anagubuduzika, kenako anafufuta chojambula changa chija ndi chikhatho.

"Mawa mubwereke bwato mundiwolotse," anatero. "Apongozi anga akhala akufunsa. Koma za chinthu chanucho musakazitchule, angaganize kuti mwana wawo anapenga. Tikawauza kuti anakwatira."